Mpeni, chikwanje ndi nkhwangwa pa mulu umodzi wa nkhuni

Chiperoni chikagwira Phiri la Mulanje mwezi wa June, nkhuni zonse zimakhala ngati zagona mumtsinje. Tinafika pa nyumba ya alendo ya ku Chambe dzuwa litapendeka, titakwera kuchokera ku Likhubula kwa maola anayi, zovala zili nyowe, mano akuombana. Tinalipo atatu: ine, mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndi mnyamata wa m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri amene anatinyamulira katundu. Wachinayi tinam'peza komweko, mkulu wina wolondera nyumbayo. Kuseri kunali mulu wa zikuni za paini, zina zonenepa ngati ntchafu, zina ngati mkono, zonse zikudontha madzi.

Moto unkafunika msanga, ndipo aliyense anatulutsa chida chimene amachikhulupirira. Wotinyamulira katundu anasolola chikwanje. Mkulu uja anakatenga nkhwangwa yake ya mpini wakuda ndi thukuta la zaka zambiri. Mwana wa mlongo wanga anapisa m'chikwama n'kutulutsa kampeni ka chogwirira cha pulasitiki, kotalika ngati chikhatho.

"Amalume, khalani apo muone," anatero.

Anaimika kachikuni pa chitsa, anakhazika mpeni pamwamba pake mopingasa, anatola chibonga n'kuyamba kumenya pamsana pa mpeniwo. Mnyamata wa chikwanje anaseka chikhakhali. "Achimwene, mpeni wosendera mbatata umenewo mukuti uwaze nkhuni?" Asanatseke pakamwa, kachikuni kanati ng'alu, pawiri. M'kati mwake munali mouma, moyera, monunkhira utomoni.

Usiku umenewo tinakangana mpaka makala kuzirala. Sindikumbuka amene anapambana, koma ndinatsika m'phirimo nditazindikira chinthu chimene ndinkachiona kuyambira ubwana osachilabadira: kudula ndi kuwaza ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo chida chimene chimachita bwino pa ina nthawi zambiri chimakhumudwitsa pa inzake.

Tengani nzimbe. Mukafuna kuidula pakati, pafunika mpeni wakuthwa, chifukwa mukulimbana ndi ulusi uliwonse umene wayenda m'litali mwake. Koma mukafuna kuing'alula, mumangoyamba pang'ono kumapeto, yotsalayo imatseguka yokha mpaka pa mfundo. Mtengo uli chimodzimodzi. Ndi mtolo wa timinyewa tatitali togundizana, tolimba kwambiri m'litali koma togwirana mofooka m'mbali. Wodula amathyola timinyewato. Wowaza amangotilekanitsa. Wogulitsa nsalu pamsika amachidziwa chinsinsi chimenechi: amadula pang'ono ndi sizasi, kenaka amakoka mbali ziwiri, nsalu n'kung'ambika mowongoka popanda sizasi kuikhudzanso.

Mukadzaona munthu akuwaza, yang'anitsitsani pamene chitsulo chalowa. Mng'alu umathamanga patsogolo, ndipo mbali yakuthwa ya nkhwangwa imakhala ikuyenda pamalo potseguka kale, osakhudza kanthu. Chimene chikugwira ntchito ndi kunenepa kwa chitsulocho, kumene kukukankha mbali ziwiri za chikuni kuti zisiyane. Kuthwa kumangotsegula khomo. N'chifukwa chake nkhwangwa yobuntha pang'ono koma yonenepa imawaza bwino kuposa chikwanje chimene mwachinola m'mawa wonse. Ambiri chikuni chikatikanika timathamangira ku mwala wonolera, chonsecho vuto silili pamenepo.

Mphamvu ya nkhwangwa ndi yofanana ndi ya musi mumtondo. Mayi wodziwa kusinja salimbana ndi musi potsika. Amaukweza, amauwongolera, kulemera kwake n'kumaliza ntchito. Kankhwangwa ka dzanja limodzi kamene amagulitsa m'masitolo kamakhala ndi mutu wa magalamu 500 mpaka 700 ndi mpini wa masentimita 30 mpaka 40. Kulemera konseko kwaunjikana kumapeto, kutali ndi dzanja, ndiye mukakazunguza mutuwo umafika pa chikuni uli pa liwiro. Liwirolo ndilo chuma chake, pakuti likawirikiza kawiri, mphamvu yomenyera imawirikiza kanayi. Apa m'pamene mpini wautali umaposera waufupi ngakhale mitu itakhala yolemera mofanana. Akulu akale sanalakwe ponena kuti nkhwangwa ikhulupirira mpini.

Komatu nkhwangwa zili mitundu iwiri, ndipo anthu amazisokoneza. Ya m'sitolo ili ndi bowo m'mutu, mpini ndiwo umalowa m'chitsulo. Yathu ya kumudzi, imene osula amapanga kuchokera ku masipuling'i a galimoto zakufa, ndi yosemphana: chitsulo chili ndi mchira wosongoka umene amauwotcha n'kuulowetsa m'mutu wa mpini. Mpiniwo amasankha mtengo wolimba wa chibumpha kumapeto, kawirikawiri pamene panali mphanda kapena mfundo, kuti usang'aluke. Nkhwangwa yotereyi ndi yopyapyala, yopepuka, yoluma kwambiri. Pogwetsa mtengo ndi posadza nthambi ilibe inzake, ndipo mukaigulula n'kuitembenuza chopingasa imasanduka chosemera. Koma pa chikuni chonenepa choimika imalowa mwakuya n'kukanirira, chifukwa ilibe thupi lokankhira mbali. Mukalimbana nayo poizula, mumapezeka mwagwira mpini wokha, chitsulo chatsala m'chikuni. Amene anabwerekapo nkhwangwa ya mnansi akudziwa kuti yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo vutoli ndi lakalekale, moti ngakhale m'buku lachiwiri la Mafumu muli nkhani ya nkhwangwa yobwereka imene inaguluka n'kugwera mu Yordano m'masiku a Elisa.

Anthu akumudzi anapeza njira yawo. Chikuni sachiimika, amachigoneka pansi. Amayamba kutema kumapeto, motsata mzere umodzi, kutema kulikonse kukupitiriza mng'alu pamene kwinako kwalekezera, mpaka chikuni chonse chitseguke. Mkulu wa ku Chambe ankachita chomwecho, mosafulumira, ndipo pa mphindi khumi anali ataunjika nkhuni zimene mpeni ukanatha nazo ola lathunthu. Pa zikuni zonenepa ngati ntchafu panalibenso mpikisano. Mwana wa mlongo wanga anayesa kukhazika mpeni wake pa chimodzi mwa izo, mpeni wonse unangothera pakati, nsonga osatulukira mbali inayo. Panalibe pomenya.

Malire a mpeni ndi amenewo. Mpeni ulibe kulemera kwake, umabwereka kwa chibonga. Wa mwana wa mlongo wanga unali wa Mora, dzina la tauni ya ku Sweden kumene akhala akupanga mipeni yotereyi m'fakitale kuyambira 1891. Umalemera magalamu opitirira pang'ono 100, chitsulo chake n'chotalika masentimita 10 ndi chochindikala mamilimita awiri kapena atatu. Ukalowa m'chikuni msana wake n'kumira, chibonga chimayenera kumenya kunsonga kumene kwatulukira kunja pamene dzanja likukanikiza chogwirira kuti mpeni utsike mowongoka. Ndiye chikuni chiyenera kuchepa kuposa kutalika kwa mpeni. Pa mpeni wa masentimita 10, musapitirire chikuni cha masentimita 6 kapena 7, kunenepa kwa mkono wa munthu wamkulu.

Azungu okonda kugona m'tchire njirayi amaitcha batoning, ndipo pa YouTube amakangana za iyo ngati ochemerera mpira. Ena amati ndi kuzunza mpeni, ena amati nkhwangwa ndi katundu wolemetsa chabe. Mwana wa mlongo wanga anaiphunzira kumeneko ndipo ankaifotokoza ngati nzeru yatsopano ya kunja. Mkulu uja anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa: "Iwe mwanawe, sunaonepo woluka malichero akung'alula nsungwi?" Anali atalasa. Oluka madengu ndi malichero amakhazika mpeni pamutu pa nsungwi, amagogoda ndi kamtengo, amautsitsa mfundo ndi mfundo. Ku Ulaya opanga timatabwa tofolerera nyumba anali ndi chitsulo chawo cha ntchito yomweyi, chochigogoda ndi chibonga cha mtengo. A Sami a kumpoto kwenikweni kwa Norway, Sweden ndi Finland, oweta mphalapala za kumalo ozizira, amayenda ndi mpeni waukulu wotchedwa leuku, wa masentimita 20 kapena kuposerapo, umene umagwira ntchito zambiri za kankhwangwa chifukwa mitengo ya kwawo ndi ing'onoing'ono. Aliyense anatengera chida pa mitengo imene ali nayo.

Ubwino wa mpeni ndi chibonga ndinauona usiku womwewo, ndipo sindiuchepetsa. Choyamba, chakuthwa sichiuluka m'mwamba. Chimene chikuzunguzidwa ndi mtengo wobuntha, mpeni uli phee pamene mwauika. Munthu wotopa, wozizidwa, manja atachita dzanzi, mdima utagwa, akhoza kuwaza chotere osadzivulaza. Chachiwiri ndi kulondola. Mpeni umang'alula pamene mwaukhazika, ndiye mukhoza kugawa chikuni pawiri, panayi, pasanu ndi patatu, mpaka titsale timitengo tonga chala, tonga pensulo. Nkhuni zikanyowa, timeneti ndito timayatsa moto, chifukwa mvula imalowa khungwa ndi kunja kokha, m'kati mumakhala mouma. Mwana wa mlongo wanga anatenga kamtengo kamodzi n'kukapala mopyapyala osadula zopalazo, mpaka kanachita ngati ndevu za chimanga. Machesi amodzi anakwana. Nkhuni za nkhwangwa ya mkulu uja zinatifunditsa usiku wonse, koma zimene zinayamba kuyaka zinali za mpeni.

Si mpeni uliwonse umapirira kumenyedwa. Pofooka pake ndi pamene chitsulo chimalowera m'chogwirira. Mipeni ina chitsulo chimadutsa chogwirira chonse mpaka kumapeto, ndipo mumachiona m'mbali chitapanidwa ndi matabwa awiri. Imeneyo ndiyo yolimba. Ina ili ndi kamchira kakafupi kobisika m'kati, ndipo ikakumana ndi mfundo imathyokera pomwepo. Mipeni ya kukhitchini yambiri ndi yotero, kuwonjezera apo ndi yopyapyala. Wopinda ndiye musayerekeze n'komwe. Okapi, uja azibambo athu ankabwera naye kuchokera ku migodi ya ku Joni, anayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902 ndipo fakitale yake inasamukira ku South Africa mu 1988. Ndi mpeni wabwino posenda, podula chingwe, potumbula nsomba. Koma chitsulo chake chimazungulira pa kamsomali kamodzi, ndipo chibonga chikamenya, katundu yense amagwera pa kamsomali kameneko. Ine wanga ndinauphera pa chikuni cha mango ndili mnyamata, ndipo ndinamenya ndi mwala, kulakwa kuwiri nthawi imodzi. Mwala kapena hamala zimaphwanya msana wa mpeni ndipo zikhoza kuuswa. Chomenyera chizikhala mtengo basi.

Nanga chikwanje? Ichi ndicho chida chimene chili m'nyumba iliyonse kwathu kuno, ndipo m'mikangano ya pa intaneti ija sichimveka kwenikweni. Chitsulo chake chimatalika masentimita 40 kapena kuposa, koma kuchindikala kwake n'kofanana ndi kwa mpeni. Kaya ndi cha chizindikiro cha ng'ona cha Martindale wa ku England, kaya cha Tramontina wa ku Brazil, kaya cha osula a pamsika, chinapangidwira kudula zaziwisi: tchire, tinthambi, nthochi, nzimbe. Pa ntchito imeneyo mpeni ndi nkhwangwa zonse zimagonja. Koma ife timachizunguza pa chikuni chouma ngati nkhwangwa, ndipo chimachita chimodzi mwa ziwiri. Chikalowa chimakanirira, chifukwa n'chopyapyala. Chikapanda kulowa chimaterereka n'kupita kumene chafuna. Mnyamata wotinyamulira katundu anachita zimene tonse timachita: chikwanje chitakanirira, ananyamula chikuni ndi chikwanje chomwe n'kumamenyetsa pa chitsa. Chikuni chimang'aluka ndithu, koma misomali ya chogwirira imamasuka, ndipo n'chifukwa chake zikwanje zambiri m'midzi zili zomanga ndi mphira.

Ndinam'pempha kuti ayese njira ya mnzake uja ankamuseka. Anakhazika chikwanje pa chikuni chonenepa ngati katumba wa mwendo, anagwira chogwirira, n'kumenya ndi chibonga kumbali yotulukira. Kanayi kokha. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Inetu ndakhala ndikudzivutitsa." Chikwanje chogogoda ndi mpeni wautali, ndipo malire aja a masentimita 7 amasuntha kufika pa 20 kapena kuposa. Kunena zoona, pa zonse zimene ndinaona usiku umenewo ichi ndicho chinandithandiza kwambiri kunyumba.

Panatsala chikuni chimodzi cha mfundo zitatu chimene chinakana onse. Nkhwangwa inkangodumpha, chikwanje chinamira n'kuima. "Madala, ichi tingochiponya pamoto chathunthu," anatero mwana wa mlongo wanga. Mkuluyo anapukusa mutu. Anatenga nthambi yolimba, anaisema zikhomo ziwiri zosongoka mbali imodzi ngati dzino la nkhwangwa, anakhoma chimodzi mumng'alu umene chikwanje chinayamba. Mng'alu unakula, chikwanje chinamasuka chokha. Anakhoma chachiwiri chapatsogolo, choyamba chinagwa, anachisunthiranso patsogolo. Chikuni chinalira ngati chitseko chakale n'kutseguka. Chikhomo cha mtengo sichigulidwa, sichilemera m'chikwama, ndipo chikaphwanyika chimasanduka nkhuni. Munthu amene ali ndi kampeni kokha koma akudziwa kusema zikhomo akhoza kung'alula chikuni chimene kankhwangwa kalephera.

Mtundu wa mtengo nawonso uli ndi mawu. Paini, wonga wa ku Chikangawa ndi ku Zomba, ndi wofewa ndi wowongoka, amamvera chida chilichonse kupatula pa mfundo. Malaina savuta. Bulugamu muwazeni akadali wamuwisi, chifukwa akauma amalimba, ndipo wina minyewa yake imakhala yopotana ngati chingwe. Mango ndi wamakani pa chifukwa chomwecho cha kupotana. Tsanya wa ku Chigwa cha Shire ndi ku Liwonde ndi wolemera moti amatha kumira m'madzi, ndipo mpeni wopyapyala amaubenthula. Ameneyo ndi wa nkhwangwa yaikulu ndi zikhomo. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, sindiuwerengera pa nkhuni. Watsala pang'ono kutheratu m'phirimo, ndipo aliyense wokwera kumeneko ausiye.

Za ngozi ndinenepo mosabisa, chifukwa zipsera za m'miyendo ya anthu a kwathu zimachokera kumeneku. Kankhwangwa kakafupi n'koopsa kuposa nkhwangwa yaitali. Yaitali ikaphonya imakathera m'dothi patsogolo panu. Yaifupi ikaphonya, njira yake imakhota n'kubwerera pa bondo kapena pa msongolo. Ngati mukugwiritsa kakafupi, gwadani, ndipo chikuni chikhale kumbali yakutali ya chitsa, kuti mukaphonya chitsulo chilume chitsacho. Musagwire chikuni ndi zala pamene dzanja lina likutema. Chichirikizeni ndi kamtengo kena, kapena gonekani chikuni, khazikani kankhwangwa pamwamba pake chakumapeto, gwirani zonse ziwiri pamodzi n'kuzimenyetsa pa chitsa limodzi. Njira ya kumudzi yogoneka chikuni ili ndi msampha wake: phazi lopondera, nthawi zambiri lopanda nsapato kapena la patapata, limakhala pamzere womwewo umene nkhwangwa ikutsata. Pondani kutali, kapena panani chikuni pakati pa zikuni zina. Ndipo mutu wa nkhwangwa ukayamba kugwedera, kuuviika m'madzi usiku ndi kudzinamiza kwa tsiku limodzi. Mpini umafufuma, mawa lake ukauma umaphwa kuposa kale. Konzani mpini kapena semani wina.

Wina afunsa kuti zonsezi zikumukhudza bwanji iye amene sakwera mapiri. Zikumukhudza pa mafuwa. Mtolo wa nkhuni ukukwera mtengo chaka ndi chaka, ndipo mbaula zosunga nkhuni monga chitetezo mbaula zimafuna nkhuni zing'onozing'ono zouma, osati zikuni zimene tinkasonkhezera kale. Nkhuni yowaza imauma msanga, imayaka bwino, utsi umachepa. Ndipo amene amawaza tsiku ndi tsiku m'makomo ambiri ndi amayi ndi ana, nthawi zambiri madzulo, ndi chikwanje chozunguza, chala chili pafupi. Kwa iwowa chitsa, chibonga ndi chikwanje chokhazika ndi njira yotetezeka kuposa ina iliyonse imene ndikuidziwa.

Ine pakhomo panga nkhwangwa siichoka, chifukwa pa mulu waukulu ndi pa zikuni zonenepa palibe choilowa m'malo. Pa ulendo wa miyendo, pamene kilogalamu imodzi imayamba kulankhula mukafika pa chitunda chachitatu, ndimanyamula chikwanje ndi kampeni, chibonga ndi zikhomo ndimakazipeza komweko. Mpeni wokha ndimaupatsa zonenepa ngati mkono kutsika m'munsi, ndipo pamenepo umaposa zinzake zonse. Kankhwangwa kakafupi ka m'sitolo, kamene mwana wa mlongo wanga ankafuna kunditumizira kuchokera ku Johannesburg, ndinamuuza kuti asavutike: pa zazikulu kamachepa, pa zazing'ono chikwanje chilipo kale. Ngati muli ndi chikwanje kuseri kwa chitseko, madzulo ano dulani chibonga cha mtengo wolimba chotalika ngati mkono, muyambe ndi chikuni chopanda mfundo.